Sipiling'i ya galimoto imasanduka bwanji mpeni: zimene zimachitika mkati mwa chitsulo

Mpeni woyamba umene ndinasula unathyoka tsiku lomwe unalowa kukhitchini. Ndinali nditaugwirira ntchito masabata atatu, Loweruka lililonse masana, kuseri kwa nyumba yathu ku Chibavi. Chitsulo chake chinali tupa lakale lotha mano, ndipo nditaunola unkameta ubweya wa pamkono. Madzulo a tsikulo kunabwera alendo, mayi a kunyumba anapha nkhuku, ndiye mpeni utangogunda fupa la ntchafu tinangomva kuti thyo! Theka linatsala m'manja, theka lina linagwera m'beseni.

Iwo anatola chidutswacho n'kuchiyang'anitsitsa pafupi ndi babu. "Abambo, taonani mkatimu. Muli timibulu tonyezimira ngati shuga." Zinalidi choncho. Pothyoka paja panali pokhakhala, timibulu take tooneka ndi maso.

Mawa lake ndinapita nacho kwa madala ena amene amasula nkhwangwa ndi makasu pafupi ndi msika. Anachitembenuza kawiri, n'kukanda pothyokapo ndi chikhadabo. "Aphwanga, chitsulochi munachiwotcha mopitirira. Kenako munachiponya m'madzi ozizira. Mutatero munangochisiya chomwecho, osachibwezeranso pamoto. Zolakwa zitatu pa mpeni umodzi." Sanawonjezere kanthu, anabwerera pa mvukuto wawo. Zinanditengera nthawi yaitali, kuwerenga ndi kuthyola zitsulo zambiri, kuti ndimvetse chifukwa chake chilichonse mwa zitatuzo ndi cholakwa. Ambiri amene akuyamba ntchitoyi maso awo amakhala pa nyundo ndi girayinda, chifukwa n'zimene zimaoneka. Koma ubwino wa mpeni umadalira kwambiri kutentha: kufika pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi kuzizira mofulumira motani.

Chichewa chathu chili ndi mawu amodzi, chitsulo, pa zinthu zosiyana kwambiri. Chitsulo chenicheni chosasakaniza n'chofewa, mungachipinde ndi manja chikakhala chopyapyala. Chimene chimachilimbitsa ndi kaboni, yemwe uja wadzaza m'makala. Kuchuluka kwake n'kochepa modabwitsa. Chitsulo cha mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi chimakhala ndi magalamu pafupifupi 2 a kaboni pa kilogalamu, ndipo chimenechi mungachiwotche n'kuchiviika kakhumi, sichidzalimba mokwanira kusunga ukali. Chitsulo cha mpeni chimafuna magalamu a pakati pa 6 ndi 10 pa kilogalamu. Kaboni akafika magalamu 20 mpaka 40, chitsulocho chimakhala cha mtundu wothira m'chikombole, ngati nsimbi yakale ya makala kapena dilamu la mabuleki, ndipo chimenecho sichisulika, chimangophwanyika pansi pa nyundo.

N'chifukwa chake wosula mipeni amayenda kwa ogulitsa zitsulo zakale akuyang'ana zinthu zimene pa ntchito yake yoyamba zinkafunika kulimba. Masipiling'i aphanthiphanthi a kunsi kwa malole ndi mapikapu ndiwo bwenzi lathu lalikulu. Ambiri mwa iwo ali ndi magalamu pafupifupi 6 a kaboni, kuphatikizapo pang'ono chitsulo cha mtundu wina chotchedwa chromium, ndipo mudzaona pansipa kuti chromium ameneyu amatithandiza bwanji. Matupa akale ali ndi kaboni wambiri, magalamu 10 kapena kupitirirako. Madisiki a pulawo ndi macheka akuluakulu amathandizanso. Chitsulo cha m'konkire, chija timati Y10 kapena Y12, n'chabwino kupangira mbaniro ndi zokolowekera, koma kaboni wake ndi wochepa ndipo amasiyanasiyana, musatayirepo nthawi. Sipiling'i yothyoka panjira muziikayikira, chifukwa imene yatopa mpaka kuthyoka nthawi zambiri imakhala ndi timing'alu tina tosaoneka. Ndipo chitsulo chimene mukuona kuti chachotsedwa pa mlatho, pa chikwangwani cha pamsewu kapena pa nsanja ya magetsi, chisiyeni pomwepo. Ntchito yathuyi isakhale msika wa owononga.

Pali njira ziwiri zoyezera chitsulo chosadziwika. Yoyamba ndi ya mbaliwali. Chikhudzitseni pa girayinda pamthunzi: chitsulo cha geti chimatulutsa mizere italiitali yosagawikana kwambiri, pamene cha kaboni wambiri mbaliwali zake zimaphulika kunsonga, kuchita nthambi ngati ngayaye za chimanga. Yachiwiri ndiyo yotsimikizika. Dulani kachidutswa, kawotcheni mpaka kufiira, kaviikeni m'mafuta, kenako yesani kukapala ndi tupa latsopano. Tupa likaluma, chitsulocho sichinalimbe. Likamangotsetsereka n'kumalira ngati mukupala botolo, mwapeza cha mpeni. Mayeso amenewa amagwiranso matupa ena otchipa amene analimbitsidwa khungu lokha, mkati muli chitsulo wamba.

Chipala chenichenicho si chodula. Changa ndi dilamu la mabuleki a lole, lomatidwa dongo losakaniza ndi phulusa, ndi paipi yolowetsa mpweya kunsi. Mpweyawo umachokera pa chokupizira choyendetsedwa ndi gudumu la njinga, monga amachitira osula ambiri m'misika yathu, ndipo magetsi akazima ntchito siima. Mabuku akunja amakonda kunena kuti pezani chidutswa cha njanji chosulirapo. Kuno ku Mzuzu njanji kulibe. Mutu wa nyundo yaikulu yophwanyira miyala, wozikidwa molimba m'chitsa cha bulugamu, umakwana pa mpeni, chifukwa chofunika ndi kulemera kumene kuli pansi penipeni pa pomwe nyundo ikugwera. Makala muziwaduladula kukhala ngati mtedza wosasenda wokulirapo, kuti moto ukhale wogwirana. Makala a paini amayaka msanga ndi kutentha kwambiri, ndipo osula malupanga a ku Japan amagwiritsa ntchito amenewo. Ife tili pafupi ndi Chikangawa, kumene zinyenyeswa za matabwa sizisowa. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chiphaso powotcha makala, ndiye ine ndimafunafuna makala ovomerezeka a mitengo yodzala. Sindingakonde kuti mpeni wanga udye mtengo wachilengedwe wa m'nkhalango ya Kaning'ina. Chipala chikhale panja kapena pa shedi yopanda makoma. Mpweya wa makala umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba mu June ndi womwewo umatuluka pachipala, ndipo ulibe fungo.

Ndikamazunguza gudumu lija ndimakumbukira kuti chigawo chino ntchitoyi si yachilendo. Aphoka a m'mapiri a Rumphi ankadziwika ndi kuyenga chitsulo kuchokera ku miyala, ndipo zotsalira za ng'anjo zawo zadothi zikadalipo m'mapiri a Nyika. Ng'anjo zoterozo sizinkasungunula chitsulo kukhala madzi, pakuti chitsulo chenicheni chimasungunuka pa madigiri 1,538. Zinkatulutsa chibuma chokhala ndi mabowo, chosakanikirana ndi zinyalala, chimene ankachisula mobwerezabwereza mpaka chigwirane. Makasu otuluka mmenemo anali chuma, ankalowa m'malonda ndi m'malowolo, ndipo mbiri ya pakamwa imalumikiza dzina la ufumu wa Chikulamayembe ndi makasu amene Mlowoka, kholo la ufumuwo, ankagawira anthu. Ife lero timangotola sipiling'i yoyengedwa kale.

Kusula kwenikweni ndinena mwachidule, chifukwa kumaphunziridwa ndi mkono. Chitsulo cha sipiling'i chimasulidwa chili chachikasu kapena cha mtundu wa lalanje, pakati pa madigiri 900 ndi 1,100. Chikatsika kufika pofiira modera, chibwezereni pamoto, chifukwa kumenya chitsulo cha kaboni wambiri chitazizira n'kubzala ming'alu. Chikayamba kuyera n'kumathetheka chokha m'moto, chapsa, ndipo mbali imeneyo iduleni muitaye. Yambani ndi nsonga, kenako phwatalitsani mbali yakuthwa. Mudzaona mpeni ukupindikira kumsana ngati nthochi, chifukwa mbali imene mukuipyapyalitsa ikutalika. Wongolani pang'onopang'ono paulendo uliwonse. Osamaliza kunola pano. Kukamwa kwa mpeni kusiyeni kochindikala ngati milimita imodzi.

Tsopano tafika pa zolakwa zitatu zija.

Chitsulo chinapangidwa ndi maatomu osanjikizana mwadongosolo, ngati njerwa pa uvuni. Chikakhala chozizira, kasanjidwe kake kamasiya timipata ting'onoting'ono kwambiri, moti kaboni sakwanamo. Amakhala payekha m'timizere topyapyala tolimba, tosinthana ndi timizere ta chitsulo chofewa. Chikatentha kupitirira madigiri 727, maatomu aja amayamba kusintha kasanjidwe, chitsulo chili chikhalire cholimba osasungunuka, ndipo kasanjidwe katsopanoka kali ndi mipata yokulirapo. Kaboni amalowa m'mipatamo n'kumwazikana ponseponse monga amachitira shuga mu tiyi. Akatswiri amatcha mkhalidwe umenewu austenite, potengera dzina la William Roberts-Austen wa ku England.

Mukachisiya kuti chizizire pang'onopang'ono, maatomu amabwerera m'kasanjidwe kakale ndipo kaboni amapeza nthawi yotuluka, kubwerera m'timizere take. Chitsulo chimakhala chofewa. Koma mukachiziziritsa mwadzidzidzi, zitseko zimatsekeka kaboni akadali mkati. Kasanjidwe konse kamakhala kothinana, kokakamizika, ngati thumba la chimanga lothiridwa mopitirira n'kusokedwa mwamphamvu. Palibe chimene chingasunthe mmenemo. Kulimba kwa mpeni n'kumeneku, ndipo mkhalidwewu amautcha martensite, dzina lochokera kwa Adolf Martens wa ku Germany. Koma chinthu chimene sichingasunthe ngakhale pang'ono sichingapindikenso. Chikakumana ndi fupa chimasweka ngati galasi.

Cholakwa choyamba chinali kuwotcha mopitirira. Maatomu aja sasanjana mbali imodzi m'chitsulo chonse, amakhala m'timagulu, ndipo timagulu timeneti ndi timibulu tija anaona mayi a kunyumba. Chitsulo chikakhala nthawi yaitali pa kutentha kwakukulu, timibulu tikulutikulu timameza ting'onoting'ono. Mng'alu umayenda mosavuta m'chitsulo cha timibulu tikulutikulu, pamene m'cha timibulu tosalala umakhotakhota n'kutha mphamvu. Posula sitingapewe kutentha kwambiri, ndiye timakonza pambuyo pake. Mukamaliza kusula, tenthetsani mpeni mpaka ungodutsa pang'ono malire aja a madigiri 727, uchotseni, uzizire pamphepo mpaka ude. Chitani zimenezi katatu, ulendo uliwonse kutentha kukhale kotsikirapo. Nthawi iliyonse imene chitsulo chawoloka malirewo, timibulu tatsopano ting'onoting'ono timabadwa m'malo mwa takale. Ine pa mpeni woyamba uja ndinalumpha zonsezi, ndipo pouviika unali wachikasu, kutali kwambiri ndi pofunika.

Nanga pofunikapo mungapadziwe bwanji popanda chipangizo choyezera? Pali zinthu ziwiri za m'nyumba zimene zimandithandiza. Choyamba ndi maginito a m'sipika yakale, omangirira ku waya. Pa madigiri pafupifupi 770 chitsulo chimasiya kukokedwa ndi maginito. Mukakhudzitsa n'kuona kuti sakumamatira, mwayandikira, koma simunafike, chifukwa sipiling'i imafuna pakati pa 815 ndi 845, ndipo tupa pafupifupi 800. Chachiwiri ndi mchere wa patebulo, umene umasungunuka pa madigiri 801. Kamchere kothira pa mpeni kakasungunuka n'kuyenderera, mwafika pa muyezo wa tupa, ndipo pa sipiling'i onjezerani pang'ono chabe. Ntchito imeneyi ndimaichita dzuwa litalowa. Masana maso amanama, chitsulo chooneka chofiira pang'ono padzuwa chimakhala chitapitirira kale. Kukachita mdima mtundu wofunikawo ndi kufiira kowala kongoyamba kulowera ku lalanje, ndipo ukhale wofanana kuchokera kunsonga mpaka kuchikumbu. Nsonga imatentha msanga chifukwa ndi yopyapyala, ndiye yambani ndi msana ndi mbali yochindikala, mukuyendetsa mpeni uku ndi uku, mpweya wochepa.

Cholakwa chachiwiri chinali madzi. Apa pamafunika kumvetsa kuti pali mpikisano wa nthawi. Kaboni amathawa mofulumira kwambiri chitsulo chikamadutsa pafupi ndi madigiri 550. Chitsulo cha kaboni yekha, ngati cha tupa, chimapereka pafupifupi sekondi imodzi kuti mudutse pamenepo. Chitsulo cha sipiling'i chimapereka masekondi angapo, chifukwa chromium uja ndi manganese, chitsulo chinanso chopezeka m'sipiling'i, amachedwetsa kaboni kuyenda. N'chifukwa chake sipiling'i imalimba bwinobwino m'mafuta ndipo imakhululuka munthu akachedwa pang'ono. Kwa woyamba kumene, sipiling'i iposa tupa pa chifukwa chimenechi.

Koma kufulumira kuli ndi mtengo wake. Martensite akamapangika, kunsi kwa madigiri 250 kapena pamenepo, chitsulo chimafufuma pang'ono. Kukamwa kwa mpeni, popeza n'kopyapyala, kumazizira ndi kufufuma msana usanayambe, ndipo mbali ziwirizi zimakokana. Madzi ozizira amachita zimenezi mwankhanza, moti nthawi zina mumamva kuti ting! mpeni ukadali m'madzi momwemo. Nthawi zina simumva kanthu, mng'alu umangobisala kudikira fupa la nkhuku. Osula nkhwangwa amatha kugwiritsa ntchito madzi chifukwa chitsulo chawo n'chochindikala ndipo amaviika kukamwa kokha, ndi luso la zaka zambiri. Pa mpeni wopyapyala gwiritsani ntchito mafuta ophikira, malita anayi kapena asanu, m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro. Ndikudziwa mmene mafuta adulira, koma omwewo amagwira ntchito maulendo ambirimbiri mukamawasunga ovindikira. Oilo wakuda wa m'galimoto amapezeka mwaulere, koma utsi wake ndi woipa m'mapapo, ndipo sindimulola pakhomo pamene pali ana.

Mafutawo muyambe mwawatenthetsa kufika pafupifupi madigiri 50, poviikamo chitsulo china chamoto. Zimamveka zosemphana, koma mafuta ofunda ndi opepuka, amayenda msanga mozungulira mpeni ndipo amachotsa kutentha bwino kuposa ozizira olemera. Chitini chikhale pafupi ndi moto, sitepe imodzi. Lowetsani mpeni wonse mowongoka, ndipo muziuyendetsa ngati mukucheka, osaupukusira m'mbali, chifukwa mbali imodzi ikazizira kuposa inzake mpeni umakhota. Lawi likhoza kubuka pamwamba pa mafuta. Musadzidzimuke, ndipo musathirepo madzi, chivindikiro ndicho chimazimitsa. Pakatha masekondi khumi kapena kupitirirako utulutseni, ndipo ukazizira uyeseni ndi tupa.

Cholakwa chachitatu ndicho chinamaliza mpeni wanga. Mpeni wotuluka m'mafuta uli pa kulimba kwake kwakukulu, ndipo sungagwire ntchito. Ukhoza kusweka wokha utangogona pa tebulo usiku. Umafunika kubwezeredwa pa kutentha kochepa tsiku lomwelo, ntchito imene m'mabuku amati tempering. Kutentha kochepaku kumapatsa kaboni mpata wosuntha pang'ono, ulusi wa thumba lija umamasuka, ndipo mpeni umataya kulimba pang'ono n'kupeza mphamvu yopirira. Wokhala ndi uvuni wa magetsi aike mpeni pa madigiri 200 kwa maola awiri, auzizitse, n'kubwerezanso maola ena awiri. Kubwerezaku kuli ndi chifukwa. Poviika paja si austenite yense amasintha, wina amatsalira, ndipo wotsalayo amatha kusanduka martensite watsopano pamene mpeni ukuzizira pambuyo pa ulendo woyamba. Ulendo wachiwiri ndi wofewetsa watsopanoyo.

Ambirife uvuni tilibe, ndiye timawerenga mitundu. Palani mbali imodzi ya mpeni ndi sandipepa mpaka iwale, osasiyapo mafuta ngakhale a chala. Ikani chitsulo chochindikala kapena chiwaya cha mchenga pa mbaula ya moto wofatsa, ndipo mpeni ukhale msana pansi, kukamwa m'mwamba. Kenako dikirani, maso ali pompo. Chitsulo chowala chikamatentha chimavala kakhungu kopyapyala, ndipo mtundu wa kakhunguko umasintha ndi kutentha. Poyamba pamabwera chikasu chotuwa ngati udzu wouma wa mu August, pafupi ndi madigiri 220. Kenako mtundu wa uchi, kenako wa bulauni chapa 250, kenako wa biringanya chapa 280, ndipo buluu pafupi ndi 300. Mitunduyi imakwera kuchokera kumsana kulowera kukamwa ngati mthunzi wa mtambo paphiri. Mpeni wa kukhitchini uchotseni kukamwa kukangofika pa udzu wouma. Msana ukakhala wa buluu ndi bwino kwambiri, chifukwa msana wofewa umateteza mpeni kuti usathyoke. Chikwanje ndi nkhwangwa, zimene ntchito yake ndi kumenya, zimafuna kufika pa bulauni kapena biringanya. Moto ukakhala waukali mitundu imathamanga, khungu limapsa mkati musanatenthe, choncho kuchedwa ndiko kwabwino.

Mitundu yomweyi ndi chenjezo pa girayinda. Mukamamaliza mpeni wolimbitsidwa kale n'kuona kukamwa kwachita buluu, pamenepo pafewa, ndipo kunola sikungabwezeretse. Muzigwira ndi zala zopanda magolovesi pa gawo limeneli kuti muzimva kutentha, chidebe cha madzi chili pambali, ndipo kumapeto gwiritsani ntchito mwala wonolera. Chikumbu ndimapangira zidutswa za mlombwa kapena mbawa zotsala kwa akalipentala, n'kukhomera ndi timisomali ta mkuwa. Mabowo ake booleranitu mpeni usanalimbitsidwe.

Kuwotcherera kunalowa pakhomo panga chifukwa cha chipala chomwechi: miyendo ya dilamu, tebulo, choikapo girayinda. Ndinagula kamakina kowotcherera kakang'ono ka mtundu wa inverter, kamene kamakoka magetsi ochepa poyerekeza ndi makina olemera aja a mawaya okulungiza. Marodi amene amapezeka m'mahadiweya athu ambiri ndi 6013. Manambala awiri oyambawo amanena mphamvu ya chowotchereracho, mapaundi 60,000 pa sikweya inchi, wachitatu amanena kuti rodi imagwira mbali iliyonse, chogona, choimirira kapena cha m'mwamba, ndipo womaliza amanena za mankhwala okutira rodiyo. Rodi ya mamilimita 2.5 imafuna magetsi a ma amp a pakati pa 60 ndi 90, ya 3.2 pakati pa 90 ndi 130. Mankhwala okutirawo akamapsa amatulutsa mpweya wotchinga chitsulo chosungunuka, n'kusiya nkhanambo yakuda pamwamba imene mumagogoda pambuyo pake. Rodi yonyowa imathetheka n'kusiya timabowo, ndipo ndi chinyezi cha kuno, chifunga m'mawa, mvula mpaka April ndi May, marodi osiyidwa pa shedi sachedwa kuwonongeka. Anga ndimasunga m'chitini chotseka, m'nyumba.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti phunziro la mpeni lija linanditsatira mpaka kuno. Tsiku lina ndinawotcherera ndodo ya Y12 ku chidutswa cha sipiling'i kuti ndizigwirira posula. Chowotchereracho chinaoneka bwino, koma nditamenya kangapo chinathyoka, osati pa mzere weniweniwo, koma pambali pake penipeni, mkati mwa sipiling'i. Moto wa rodi umapitirira madigiri 3,000, ndipo umatenthetsa kamzere kakang'ono ka chitsulo kudutsa malire aja. Chitsulo chozizira chozungulira chimayamwa kutenthako msangamsanga, mofanana ndi kuviika. Zotsatira zake ndi martensite wosafewetsedwa, wokokedwa ndi chowotcherera chimene chikufota pozizira. Pa chitsulo cha geti vutoli silioneka chifukwa kaboni ndi wochepa. Pa sipiling'i, ekiselo kapena mpeni, yambani mwatenthetsa chitsulo chonse kufika madigiri 200 mpaka 300, ndipo mukamaliza chikwirireni m'phulusa kuti chizizire pang'onopang'ono. Ichi n'chifukwa chakenso sipiling'i yowotcherera n'kubwezeredwa pa galimoto yonyamula anthu imandiopsa.

Za maso ndinena mosabisa, chifukwa ndimaona anyamata ku Luwinga ndi m'misewu ya m'makwalala akuwotcherera atavala magalasi a dzuwa, ena akungotsinzina. Kuwala kwa rodi kumawotcha khungu la diso, ndipo ululu wake sumveka nthawi yomweyo. Umabwera pakatha maola 6 mpaka 12, nthawi zambiri pakati pa usiku, ngati wina wathira mchenga m'maso. Galasi loyenera ndi lakuda la nambala 10 kapena 11, m'chigoba chophimba nkhope yonse. Ana amakonda kuonerera kuwalako, ndiye muziwathamangitsa kapena kutchinga ndi lata. Zikakuchitikirani musatikite ndipo musathiremo mankhwala a m'nyumba, pitani kuchipatala. Musawotcherere mutaima pa dothi lonyowa kapena mutavala magolovesi onyowa. Dilamu kapena thanki imene munali petulo, dizilo kapena mankhwala musaidule ndi girayinda kapena kuiwotcherera, ngakhale ionekere youma, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wotsalira. Chotchinga cha girayinda chisachotsedwe, disiki yaing'ono ija imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi.

Palinso mapaipi a madzi otuwa aja ndi malata, okutidwa ndi zinc. Zinc amawira pa madigiri 907, ndiye pachipala kapena pansi pa rodi amasanduka utsi woyera. Mukaupuma, madzulo ake mumamva kuzizidwa, mutu, kuphwanya m'thupi, ndipo mukhoza kuganiza kuti ndi malungo. Pali chikhulupiriro pakati pa owotcherera chakuti kumwa mkaka kumateteza. Mkaka umapita m'mimba, utsi umapita m'mapapo. Chotsani zinc ndi girayinda pamalo powotchererapo, gwirani ntchito pamphepo, ndipo paipi yotere musaiike pachipala konse.

Mpeni umene uli kukhitchini kwathu lero unachokera ku sipiling'i ya pikapu. Si wonyezimira ngati ya m'sitolo. Ija ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri, chokhala ndi chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100, njira imene Harry Brearley anatulukira ku Sheffield ku England mu 1913, ndipo kuilimbitsa kumafuna kutentha koposa madigiri 1,000 koyezedwa bwino, zimene dilamu langa silingathe. Wathuwu unada ndi anyezi ndi tomato, ndipo ukagona wonyowa usiku umodzi umadzuka ndi dzimbiri. Mayi a kunyumba anazolowera kuupukuta ndi kuupaka kadontho ka mafuta akamaliza kutsuka mbale.

Chiyambire tsiku lija, ndikamalimbitsa mpeni ndimaviika limodzi kachidutswa kena ka chitsulo chomwecho, kenako ndimakamanga pa vayisi, kukaphimba ndi chiguduli, n'kukathyola dala kuti ndione mkati. Mwezi watha ndinatenga kachidutswa kotero kupita nako kwa madala aja. Pothyoka pake panali potuwa, posalala ngati phulusa losefa, popanda kambulu kooneka ndi maso. Anakanda ndi chikhadabo monga poyamba paja, n'kukayang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anandibwezera n'kufunsa kuti, "Aphwanga, sipiling'i imeneyi yatsalako? Mundibweretsere Loweruka, pali nkhwangwa ziwiri zimene anthu a ku Ekwendeni anaitanitsa."